Galimoto Yanga Inandiulula kwa Abiti Laisi

Anzanga, Abiti Laisi ndinakumana nawo ku Balaka ndili ndi zaka sikisite seveni, thukuta lili kamukamu.

Ndine Zubairu wa ku Chikweo, wa mpunga uja. Sukulu sindinapondeko, kulemba ndinadziphunzitsa ndekha pa matumba, ndipo palibe anandipusitsapo pa sikelo. Mayi a ana anga atamwalira ndinakhala ndekha zaka zisanu. Kenako ndinagula kagalimoto kakang'ono ka injini ya tebo, ija yowonjezera mphamvu ndi mpweya. Kakang'ono, koma kaukali!

Vuto linali limodzi. Dzuwa la Okutobala likafika pamutu, kankafooka pa chitunda ngati kasala kudya. Anyamata a pa siteji anati injini ikupuma mpweya wotentha, ndigule inteki, paipi yokokera mpweya wozizira.

Ndinalowa m'shopu ya masipeya pafupi ndi njanji. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wa mpango wobiriwira, akudya chinangwa.

"Eni shopu ali kuti?"

"Mukuyankhula nawo, bambo."

Ndinaloza paipi yonyezimira, ya sefa yofiira kumapeto.

"Ndipatseni iyo."

"Mumakhala kuti?"

"Ku Chikweo."

"Ndiye iyayi."

Ine Zubairu, kukanizidwa katundu!

"Imeneyo ndi ya pa tala," anatero. "Sefa yake imakhala poyera, pansi pafupi ndi bampala. Kwanu kuja ikameza fumbi, dzinja likafika ikameza madzi, tebo n'kufa. Tengani iyi."

Anatulutsa chibokosi chakuda chotsekeka, paipi yake yokokera mpweya m'mwamba.

"Iyi ndi yonyansa."

"Inunso si okongola kwenikweni, koma taonani zaka mwafika nazo."

Ndinatuluka nditakwiya. Sabata yotsatira nditatsitsa mpunga pa msika ndinabweranso... kudzakangana basi.

Malemu amuna awo anali makaniko, ndipo iwo anagwira nawo sipanala zaka makumi awiri. Injini amaimva ndi khutu. Galimoto ikamadutsa pamsewu ankanena osadzutsa mutu, "Iyo pulagi imodzi yafa."

Ndinayamba kumawabweretsera nsomba zouma za ku Chiuta, iwo kumandipatsa tiyi wa mandimu. "Bambo" uja anasanduka "Che Zubairu". Mwezi wachitatu ndinatula mawu anga a ukwati.

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

"Tikaonane ndi achimwene anga ku Phalula," anatero. Kenako anandipatsa bokosi lakuda lija. "Ili sindikukugulitsani. Mukaike. Ndikufuna galimoto yodzanditenga idzafike."

Ndinalandira ndi manja awiri. Koma mtima, anzanga, unali pa yonyezimira ija.

Godfrey, makaniko wa ku Liwonde, anali nayo yotero. Ataimanga n'kuponda moto... fyuuuu, pshhh! Kagalimoto kanalira ngati ndege. Ndinati eya, ku Phalula akamve kuti kwabwera mwamuna. Bokosi lakuda ndinalikankhira pansi pa bedi.

Madzulo Abiti anaimba foni.

"Mwaika?"

"Ndaika."

"Lomwe ndinakupatsani lija?"

"Lomwelo, Abiti. Ikupuma bwino kwambiri."

Tsiku la ku Phalula ndinavala mkanjo woyera. Pa shopu ndinafika monyang'wa, phazi lopepuka, kuti paipi isalire. Abiti anakwera, kununkhira kwa mafuta awo kunadzaza galimoto yonse. Tinayenda bwinobwino mpaka pa M1.

Kutsogolo kwathu kunali lole ya thonje, ikukwawa. Ndinapirira. Ndinapiriranso. Kenako ndinaiwala, ndinaponda.

Fyuuuu... pshhh!

Lole ndinaipitirira, koma Abiti anali atatchera kale khutu ku injini.

"Che Zubairu, imani."

Ndinaima.

"Tsegulani boneti."

"Mayi, galimotoyi ndi yanga."

"Ndikudziwa. Tsegulani."

"Sinditsegula!"

Sanakalipe, bola akanakalipa.

"Mukanandiuza kuti mwakonda yonyezimira, ndikanangokusekani, tsiku n'kupita. Koma ndinakufunsani kawiri. Malemu anga anandibisira matenda a shuga zaka zitatu, kumati ali bwino kwambiri, mpaka tsiku limene anagwa m'shopu muja. Munthu wonama pa paipi, pa matenda adzandiuza chiyani? Ine sindibwerezanso."

Anatsika, anaimitsa kabaza, n'kubwerera ku Balaka. Ine ndinatsala m'mbali mwa msewu ndi mkanjo wanga woyera, amayi ogulitsa tomato akundiyang'ana.

Mukuganiza ndinapepesa? Inu simundidziwa. Ndinayenda nayobe yonyezimirayo miyezi iwiri. Tsiku lina Godfrey atamasula paipi analowetsamo chala, chinatuluka chofiira ndi fumbi la ku Chikweo. Ndinapita kunyumba, ndinagwada, ndinakoka bokosi pansi pa bedi. Ndinalimanga ndekha, popanda mboni.

Papita zaka zitatu tsopano. Kagalimoto kamakwera zitunda dzuwa lili pamutu, kamadutsa m'zithaphwi dzinja lonse, sikanatsokomolepo. Ku Phalula sitinapitenso, ndipo sindinafunsenso. Yankho ndikulidziwa. Usiku wina zimandiwawa, sindikana. Amene akufunsa kawiri, anzanga, akukupatsa mpata, usauponde.

Komabe musandimvere chisoni. Lachiwiri lililonse ndikatsitsa mpunga ndimadutsa pa shopu pang'onopang'ono, n'kuponda moto pang'ono kuti Abiti amve mmene ikupumira. Iwo osadzutsa mutu amakweza kapu m'mwamba. Ndimaima, timamwa tiyi, timakangana za injini mpaka nthawi ya swala.

Sabata yatha anandifunsa, "Che Zubairu, sefa ija munasintha?"

Ndinali ndisanasinthe. Lilime linali litanyamuka kale, "Nda..."

Ndinalibweza.

"Iyayi, Abiti. Sindinasinthe. Ulesi."

Anangotenga ketulo n'kundithirira kapu yachiwiri.