Achimwene Anapita Padenga la Galimoto Yawo

Ndinadzuka tambala woyamba atangolira, ngati kumeneko tingakutche kudzuka, pakuti m'siwa munthu sagona, amangotsamira khoma. Mwendo wanga unali utachita dzanzi chifukwa mayi wina wonenepa wa mumpingo anausandutsa pilo. Nyimbo zinali zitazilala, kutangotsala mawu awiri atatu osasa akukoka vesi limodzimodzilo. Pakati pa chipinda panali bokosi la achimwene anga, ndipo kumutu kwake kunali alamu, mkazi wawo, ali chikhalire kuyambira dzulo lake.

Panja kunali kuzizira kwa mu June, kuja kolowa m'mafupa. Azibambo anali atazinga moto pansi pa mtengo wa mango, ena atafunda masaka. Kuseri amayi anali atayamba kukoleza moto wophikira, utsi uli tolotolo. Koma ine mtima wanga unali kuchigafa.

M'chigafamo, pambali pa mabelo a fodya amene anali asanapite ku okushoni, munali galimoto ya achimwene. Ntchito yawo inali yowongola ndi kuwotcherera magalimoto ku boma la Kasungu, ndipo atakula anabwerera kwathu kuno kwa Chulu n'kumawotcherera ngolo ndi njinga za anthu. Galimotoyo anaipeza ku esiteti ina, itatayidwa kuseri kwa nkhokwe kuyambira kalekale, nkhuku zikuikiramo mazira. Inali ya ku Amereka, ya zitseko ziwiri zokha, boneti yake yaitali moti munthu akhoza kuyalapo mphasa n'kugona. Anaikoka ndi thirakitala, ndipo kwa zaka zambiri ankaikonza pang'onopang'ono. Ine ndinkawanena kuti akwatira mitala, alamu n'kumandivomereza.

Ali m'chipatala, atatsala pang'ono kutisiya, anatiuza ine ndi alamu kuti kumanda adzapite pa galimoto yawoyo. Tinavomera, poti wodwala satsutsidwa. Palibe amene anaganiza kuti bokosi lidzalowa bwanji m'galimoto ya zitseko ziwiri, imenenso injini yake inali isanalirepo.

Kutayamba kuyera ndinalowa m'chigafamo n'kupezamo anzawo atatu akale ochokera ku boma. Anali atayeza bokosi ndi chingwe, ndipo tsopano ankayeza galimoto. Pachitseko silikanalowa. Kubuti silikanalowanso. Wamkulu mwa iwo, bambo wina wa maso ofiira chifukwa cha moto wowotcherera, anandiuza kuti njira ndi imodzi yokha: kudula chitsulo chakumbuyo pomwe pamakhala magetsi, kudulanso khoma lolekanitsa buti ndi malo a mipando, kuti bokosi lilowere kumbuyo. Jenereta ndi makina odulira anali atabwera nazo.

Ndinawafunsa kuti nanga akudikira chiyani. Bamboyo anangotenga dzanja langa n'kuliika m'mbali mwa galimoto, nati nditsinzine. Ine ndinali ndisanaikhudzepo, chifukwa ndikabwera kudzacheza ndinkangoiyang'anira patali ndi diso lachipongwe. Inali yotuwa, itangopakidwa penti woyamba, koma pansi pa chikhatho panga panali posalala ngati dzira. Ndinayenda nacho kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo osapeza polumikiza.

Pamenepo chidwi chinandigwira, ndipo ndinayamba kufunsa mafunso ngati sitili pamaliro. Bamboyo anandionetsa mkati, momwe munali musanapakidwe chilichonse. Pansi ponse panali zigamba zokhazokha. Paliponse pomwe dzimbiri linadya, achimwene ankadulapo mpaka kufika pa chitsulo chamoyo, n'kudula chigamba chofanana ndendende kuchokera ku migolo yakale. Pachigamba china zilembo za mgolo zinkaonekabe. Anati chitsulo chopyapyala sachiwotcherera mzere umodzi, chifukwa chikatentha chimapindika. Umaika kadontho apa, n'kudumpha kukaika kena uko, kenako n'kukhala pansi kudikira kuti pazizire. Ndinakumbukira mmene ndinkawapezera achimwene atakhala pa njerwa, manja pamaondo, akungoyang'ana galimoto, ine n'kumati ulesi. Kani kunali kuja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bamboyo anagogoda kumbuyo kwa galimoto ndi chala, pakalira ngati belu. Anati amisiri a masiku ano amangomata phala lambiri ngati akuzira nyumba, ndipo ukagogoda pamamveka ngati dzungu. Pamalo pomwe iwo ankafuna kudulapo, achimwene anatherapo dzinja lathunthu. N'chifukwa chake onse atatu ankangozungulira, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kugwira makinawo.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. Pamsewu anali atayalapo masamba, ndipo a njinga ankatsika n'kumakankha. Kunabwera ngolo zambiri kuposa momwe ndinaonerapo pamaliro ena alionse, ina ya kwa Wimbe komwe ndinakwatiwa, ndipo eni ake ankalozerana pomwe malemu anawawotcherera. Kunabwera matenanti a m'maesiteti, ena akulankhula Chitumbuka, ena Chilomwe. Mphepo ya mwera inkautsa fumbi m'minda yafodya yomwe inali itatsala ziputu zokha, amayi ophika n'kumaphimba miphika ndi masamba a nthochi.

Nkhani ya galimoto inali itafala. Adzukulu, aja okumba manda, atabwerako ananena mosapita m'mbali kuti galimoto silowa kumanda, ndipo kunyamula maliro ndi ntchito yawo. Mkulu wa mpingo anati phokoso la makina pamaliro ndi chinthu chomwe sanachimvepo. Amalume athu anamvetsera zonsezo akukanda m'mutu, kenako anandituma kuti ndikafunse mwini mwamuna. Kunena zoona, ndinkaganiza kuti alamu angoti dulani, kapena zisiyeni zonsezo, chifukwa galimoto imeneyi inawadyetsa ndiwo zamasamba zaka zambiri.

Ndinawanong'oneza. Anaimirira, zomwe mfedwa sachita kawirikawiri maliro asanatuluke, ndipo amayi awiri anawagwiriziza mpaka kuchigafa. Anayang'ana pomwe bambo uja anali atalembapo mzere ndi choko.

"Apapa ndinkagwira chigamba ndine, iwo akuwotcherera," anatero. "Sipadulidwa."

Nsalu yawo inali itatsika paphewa, ndipo ndinaona timabala toyera tambirimbiri m'mikono mwawo. Ndinali nditationapo kale, koma ndinkayesa n'ta mafuta a mandasi. Zinandiwawa kuti mayi amene ndinkanena naye galimotoyi ndi yemweyo amene ankaima pafupi ndi moto wake, osandiuza.

"Muwaike padenga," anatero.

Bambo wa maso ofiira anagwira chipewa chake m'manja. "Amayi, denga lipindika. Ndi chitsulo chopyapyala, ndipo ndi pomwe anzathu anakonza bwino koposa."

"Lipindike. Aliwononge okha eni ake, osati inu."

Adzukulu anavomera kuti galimoto ifike m'mphepete mwa msitu wa manda, kuchokera pamenepo anyamula okha. Mkulu wa mpingo anakondwa kuti jenereta silira.

Mapemphero atatha anaikankhira panja galimoto ija. Kanali koyamba kuti ndiione padzuwa, yotambalala, yogwada pansi ngati ng'ombe yamphongo yofuna kugunda. Anayala matiresi padenga n'kuikapo bokosi, ndipo linapitirira kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Analimanga ndi zingwe zomangira mabelo, kuzidutsitsa m'mawindo, poti magalasi munalibe. Mwini ngolo wina anamasula ng'ombe zake ziwiri n'kuzimangirira kutsogolo ndi tcheni. Mipando munalibenso, choncho bambo uja anakhala pa mgolo wodula n'kugwira chiwongolero. Alamu anati akwera, ndipo anandikoka dzanja. Tinakhala pa benchi la kusukulu ya mkaka lomwe analowetsa kumbuyo, mitu yathu itatsala pang'ono kugunda denga.

Tinanyamuka pa liwiro la ng'ombe. Amayi ovala zoyera anali patsogolo ndi nkhata zamaluwa, azibambo mbali zonse ziwiri atagwira bokosi kuti lisapendeke. Nyimbo inkamveka mwachilendo mkatimo, ikunjenjemera m'chitsulo. Ndinkaona miyendo ya anthu ndi fumbi basi. Ndinadzifunsa kuti galimoto imeneyi inkathamanga bwanji m'masiku ake, ndipo achimwene ankaona msewu uti akakhala pa njerwa paja.

Pa kangalande kena ka pakati pa minda, tayala lakumbuyo linagwera. Pamwamba pathu panamveka kuti dii, ndipo denga linatsika mpaka kukhudza duku la alamu. Bambo uja anaweramitsa mutu ngati kuti amumenya iyeyo. Alamu sanasunthe. Anakhala chomwecho, chitsulo chili pamutu pawo, mpaka tinafika.

Adzukulu anamasula zingwe n'kulowa nawo m'msitu. Tinawaika dzuwa litapendeka, mphepo itazizira kale. Pobwerera galimoto inakokedwa yopanda munthu, ndipo aliyense woidutsa ankasuzumira pakati pa denga, pomwe panapindikira mkati.

Madzulo anthu anabalalika, ngolo zinapita, kuseri kunangotsala phulusa ndi mafuwa. Bambo wa maso ofiira asananyamuke anagwada pakhomo n'kuuza alamu kuti adzabwera ndi nyundo zake masiku a maliro akatha, ndipo dengalo adzalibwezera mwakale mwaulere. Alamu anamuthokoza, nati alisiye momwe lilili.

Tinatsala ochepa m'nyumba, titakhala pamphasa, pomwe panali bokosi pali mbee. Chitseko chinali chotsegula, ndipo galimoto inkaoneka pabwalo pomwe ng'ombe zinaisiya. Alamu anaiyang'ana, kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu, m'chipatala muja ndinkawanyamula ndekha powatembenuza, ngati mwana," anatero. "Ndinkati atheratu. Koma munamva mmene analili olemera?"

Ndinati ndinamva. Pamenepo m'pamene analira, koyamba tsiku lonselo, ndipo ine ndinadzuka kukatseka chitseko chifukwa mphepo inali itayamba kulowa.