Nambala Imene Tabitha Analemba

Tabitha Chikaipa anabadwira m'komboni ya mgodi wa Madziwa ku Zimbabwe, mwana wachitatu wa a Pensulo, amene anachoka ku Dedza ndevu zisanamere. Chichewa ankachimva bwino, koma polankhula lilime linkathawira ku Chishona. Anaphunzira unamwino, napeza kanyumba m'dera lotchedwa Aerodrome, ndipo kompyuta itafika pachipatala chawo ku Bindura mu 2004, ndi iye yekha amene sankaiopa.

Chaka chomwecho kunabwera madokotala awiri a ku Harare, ofufuza matenda a chiuno mwa anthu amene anakalambira pansi pa mgodi. Anati odwalitsitsa khumi adzawachotsa fupa loperepeseka n'kuikapo lachitsulo. Tabitha ankafunsa mafunso n'kulowetsa mayankho m'kompyuta, ndipo kompyutayo inkasanja mayina, womva ululu kwambiri pamwamba.

A Pensulo anabwera Lachitatu kuchokera ku Musana, kumene ankalima mgodi utatsekedwa, atavala jekete la kutchalitchi. Tabitha ankadziwa zonse. Nsapato bambo akewo ankachita kuvekedwa ndi mkazi wawo, ndipo kuchimbudzi anamangirirako chingwe chodzukira.

Dokotala wachinyamata anaima kumbuyo kwa Tabitha. Atafika pafunso loti ululu ndi wochuluka bwanji, kuyambira chimodzi kulekeza khumi, a Pensulo anayamba kumufotokozera dokotalayo m'Chilapalapa, chinenero cha m'migodi, za zaka makumi atatu zonyamula makina oboolera mwala. Dokotala anamwetulira cham'mbali. Tabitha anagwidwa ndi manyazi.

"Ababa, akungofuna nambala basi," anawadula mawu.

Mkuluyo anayang'ana dokotala, nayang'ana mwana wake m'yunifolomu yoyera, nawongola msana.

"Lemba zitatu, mwanangu."

Mumtima Tabitha ankadziwa kuti zinali zisanu ndi zinayi. Koma panja mzere unali wautali, ndipo ankafuna bambo ake atuluke msanga. Analemba zitatu naitana wotsatira, akudziuza kuti akonza mawa. Mawa lake kunachuluka odwala malungo, ndipo Lachisanu madokotala anatenga zonse kupita nazo ku Harare.

Mayina atatuluka, a Pensulo anali pa nambala 23. A Enoki, mnzawo wa kumgodi amene sanachite manyazi kubuula pamaso pa dokotala, anali achisanu ndi chimodzi. Pofika nyengo yokolola, a Enoki anali atataya ndodo, akupalasa njinga kukacheza kwa a Pensulo, amene ankawasirira mosabisa. Tabitha analemba kalata ku Harare yovomera kulakwa kwake. Anamuyankha mwaulemu kuti kafukufuku anatsekedwa.

Panapita chaka asanaulule. Anawapeza bambo ake pakhonde akusenda mtedza, nagwada, nafotokoza zonse m'Chichewa chake chopunduka. Iwo anamvetsera osasiya kusenda.

"Unalemba zimene ndinanena ine," anatero. "Ukanafuna kundiyesa wabodza pamaso pa mlendo?"

Tabitha akanakonda akanamukalipira. Kuyambira pamenepo ankapita ku Musana Loweruka lililonse ndi mapilitsi opha ululu, ndipo atayamba kusowa m'masitolo ankawafunafuna mpaka ku Harare. Chaka chomaliza a Pensulo sankayendanso. Kukaothera dzuwa ankachita kuwakankha pa wilibala.

Anamwalira mu Ogasiti 2008. Pokumba manda, a Enoki, ndi ukalamba wawo wonse, analanda piki n'kutsikira m'dzenje. Azimayi atamuuza Tabitha kuti akapereke madzi kwa okumba, iye anasenza chigubu mpaka panjira, naima ataona a Enoki akukumba, n'kumupatsa mng'ono wake Eliness kuti akafikitse.