Alfonsi ndi Ulusi wa Makoko a Anyezi

Inu amene mwadzuka lero mukuona ngati zanu zonse zatha, khalani pansi pang'ono, mumve za Alfonsi Jere wa ku Chiparamba.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, Alfonsi anachita kunyamulidwa kuti alowe m'nyumba. Mwendo wake wamanja unali utadulidwa pamwamba pa bondo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anali akupalasa njinga m'tauni ya Chipata, kunyamula anthu ndi katundu wawo pa msika wa Kapata. Kenako m'mawa wina lole inamugunda pamphambano, ntchito n'kuthera pomwepo. M'tauni simukhalika munthu wopanda chochita, choncho iye, mkazi wake Edita ndi mwana wawo wamkazi Mwiza anabwerera kumudzi.

Miyezi inayi Alfonsi sanaseke. Ankakhala pakhonde, ndodo zoyendera zili pambali, maso ali kumsewu. Njinga yake yopindika inali itatsamira kunkhokwe, ndipo nkhuku zinkagona pamenepo.

Tsiku lina anaitana mkazi wake.

"Amake Mwiza, ine ndine katundu tsopano. Pitani kwanu ku Tamanda, mukadali ndi mphamvu. Sindidzakuimbani mlandu."

Edita anali ndi ulusi m'manja, akuluka kachipewa ka khanda, chifukwa n'zimene zinkawagulira sopo ndi mchere masiku amenewo. Anaika mpukutu wa ulusiwo pamiyendo pa mwamuna wake.

"Ine ku tchalitchi sindinakwatiwe ndi mwendo. Gwirani apa, ulusi wapiringizika."

Alfonsi anaugwira, chifukwa panalibenso china choti achite. Mawa lake anaugwiranso. Patapita sabata, Edita atapita kumunda, iye anatola singano yolukira n'kuyesa kutsanzira zimene ankaona. Chimene chinatuluka sichinali chipewa, sichinali sokosi. Mwiza atabwera kusukulu anachinyamula m'mwamba n'kufunsa ngati chinali chisa cha mpheta. Alfonsi anaseka mpaka misozi. Edita anamva kusekako ali kuseri kwa nyumba, ndipo anaima kaye komweko kuti apukute maso ake.

Zala zomwe zinazolowera sipanala ndi tcheni zinaphunzira pang'onopang'ono. Koma vuto linali ulusi. Wa m'sitolo unali wodula, ndipo aliyense pamsika ankagulitsa zipewa za mitundu yomweyomweyo. Pamenepo Alfonsi anayang'ana thonje lotsalira m'munda mwawo, lija ogula amalikana, n'kuyang'ananso njinga ija kunkhokwe.

Anachotsa gudumu lakumbuyo, n'kuliwongola ndi mwala kwa masiku atatu. Analimangirira pathabwa, n'kulumikiza chingwe ku kachitsulo kosongoka. Dzanja lamanja linkapukusa pedulo, lamanzere linkakoka thonje. Ulusi woyamba unkaduka mkono uliwonse. Wachiwiri unali wonenepa ngati chingwe cha mbuzi. Mwezi utatha, unayamba kutuluka wosalala, woti munthu n'kulukira.

Anthu odutsa ankaima kumpanda. Ena ankamva chisoni, ena ankaseka poyera. "Mwamuna wamkulu ndi singano ya azimayi! Mawa tidzakupezani mutavala chitenje." Alfonsi ankangoweramitsa mutu, gudumu likuzungulira.

Ulusi wa thonje ndi woyera, ndipo choyera kumudzi sichichedwa kuda. Alfonsi anakumbukira ali mnyamata kubusa, momwe utomoni wa mlombwa unkafiiritsira malaya ake mpaka mayi ake kumukalipira. Anapempha Edita kuti amubweretsere makungwa a mlombwa umene anthu anadula kale. Anawaphika mumphika wakale n'kunyikamo ulusi. Unatuluka wofiirira ngati dothi la pachulu. Anayesa makoko a anyezi, unatuluka wachikasu. Anayesa nthanga za mapeyala, n'kudabwa kuona pinki wofewa. Atathiramo madzi amene munagona misomali ya dzimbiri, chikasu chija chinasanduka mtundu wa masamba ouma. Edita akapita m'tauni ankapempha makoko a anyezi kwa azimayi a pamsika, iwo n'kumamupatsa akuganiza kuti ndi mankhwala.

Chinthu chawo choyamba chachikulu chinali shawelo ya khanda, yofiirira ndi yachikasu. Anagula ndi mayi wina wa mumpingo mwawo, dzina lake Thandiwe, yoti afunditse mwana pa ubatizo. Alfonsi anagona mosangalala sabata imeneyo.

Lolemba lotsatira Thandiwe anafika pakhomo ndi beseni. Anali atachapa shawelo ija pamodzi ndi zovala zoyera za mwana. Zonse zinali zitafiira, shaweloyo itatuwa ngati chiguduli.

"Taonani zimene mwandichita! Diresi la ubatizo limeneli anabatizidwiramo ana anga onse."

Alfonsi anapepesa, Edita anapepesanso, koma nkhani inafalikira mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Mawa lake Alfonsi anakhuthula mphika wa utoto pansi n'kuuza Mwiza kuti akaponye gudumu lija kudzala.

Edita anaima pakati pa mwanayo ndi gudumu.

"Atate ake Mwiza, chasuluka ndi utoto. Manja anu sanasuluke. Tikafunse kwa odziwa."

Odziwawo anali Mayi Yosefina, mphunzitsi wopuma ntchito amene kale ankaphunzitsa atsikana kusoka ndi kuluka. Ankakhala pafupi ndi parishi, ulendo wa ola lathunthu kwa munthu wa miyendo iwiri. Alfonsi anakana kukwera ngolo. Anayenda ndi ndodo zake, m'khwapa mukutupa, Edita ali pambali pake ndi botolo la madzi. Anafika masana.

Mayi Yosefina anagwira ulusi uja, kuununkhiza, kuukoka.

"Mwapota nokha uwu? Ndiye chovuta mwachidutsa kale, mwanangu. Thonje ndi louma mutu, silimwa utoto chabe. Yambani mwaliphika ndi madzi a phulusa kuti mafuta achoke. Kenako sinjani soya wonyika m'madzi, musefe madzi ake, muviike ulusi, muyanike pamthunzi. Katatu. Mukanyika mu utoto, musathamangire kuchapa. Udikireni sabata."

Alfonsi anachita zonsezo, ndipo anawonjezera lamulo lake. Mpukutu uliwonse ankadulako kachidutswa n'kukachapa ndi sopo kakhumi pamodzi ndi kansalu koyera. Kansaluko kakasintha mtundu, mpukutu wonse unkabwerera mumphika. Yambiri inabwerera. Chilimwe chonse pakhomo pawo panali zingwe za ulusi wolendewera pansi pa mtengo wa mango, ndipo zikhadabo za Alfonsi sizinayerenso.

Atakhutira, chinthu choyamba chimene analuka chinali shawelo ina ya Thandiwe, ndi kadiresi koyera ka thonje. Anamupatsa osalandira kanthu. Thandiwe anachapa, anachapanso, ndipo Lamlungu anabwera nayo ku Misa atafunditsa mwana.

Mu Febuluwale, nthawi ya mwambo wa Ncwala, anthu ochokera kutali amadzaza ku Mtenguleni. Edita ndi Alfonsi anakwera galimoto ndi thumba limodzi la katundu: zikwama, zipewa, masikafu ndi timphasa ta patebulo. Anapeza malo kumapeto kwenikweni kwa mzere wa ogulitsa, n'kuyala pamphasa. Mpaka masana anthu ankangodutsa. Ena ankayang'ana mwendo, osati katundu.

Kenako mvula inagwa, ija ya Febuluwale yosachenjeza. Ogulitsa anzawo anafunditsa katundu ndi mapepala apulasitiki n'kuthawira m'misasa. Alfonsi sakanatha kuthamanga, ndipo Edita anakana kumusiya. Anakhala pomwepo awiriwo, chitenje chimodzi kumutu, katundu yense akunyowa.

Mvula itakata, mayi wina wovala bwino anaima pamphasa pawo. Anatola sikafu yonyowa n'kuifinya mwamphamvu pamwamba pa mpango wake woyera. Madzi anatuluka oyera mbee.

"Utoto uwu mumagula kuti?"

"Sitigula, mayi," anayankha Alfonsi. "Uyu ndi anyezi. Uyu ndi peyala. Uyu ndi mlombwa."

Mayiyo anali Leticia Daka, mwini kasitolo ka zinthu zopanga pamanja m'tauni, komwe alendo opita kukaona nyama amakonda kuima. Anatenga theka la katundu tsiku lomwelo, ali chinyowere, n'kufunsa ngati angathe kumubweretsera zikwama mwezi uliwonse.

Sizinakhale zophweka kuyambira pamenepo, ayi. Manja anayi sakanakwanitsa. Alfonsi anapanga magudumu ena atatu kuchokera ku njinga zakufa, n'kuyamba kuphunzitsa. Woyamba kubwera anali Thandiwe. Kenako anabwera azimayi amasiye awiri, ndi bambo wina amene anapuwala miyendo ali mwana ndipo anali asanagwirepo ntchito yolipidwa moyo wake wonse. Lero pansi pa mango paja pamakhala anthu khumi ndi mmodzi. Nyumba ili ndi malata. Mwiza ali ku koleji, akuphunzira unamwino, ndipo Alfonsi anapeza mwendo wochita kupanga, ngakhale amati umamuchedwetsa akafuna kufulumira.

Chaka chatha iye ndi Edita anakwanitsa zaka makumi awiri ali m'banja. Kwa miyezi iwiri Alfonsi ankabisa kanthu m'thumba la feteleza, n'kumaluka pokhapokha mkazi wake akapita kumsika. M'mawa wa tsiku la Misa yawo yothokoza anatulutsa shawelo yaikulu ya mitundu isanu ndi iwiri, n'kumufunditsa pamapewa ndi manja ake.

Edita anaisisita, n'kupeza pamene mzere unakhota.

"Apa munalakwitsa," anatero.

"Munalowa mwadzidzidzi tsiku limenelo. Ndinaikhalira kuti musaione."

Atatuluka m'tchalitchi, Leticia anaigwira shaweloyo n'kunena kuti ali ndi mlendo amene angalipire mtengo uliwonse. Edita anaikokera pachifuwa.

"Pepani, mayi. Zina zonse tengani. Iyi mudzandifunditse pondiika m'manda."

Inu amene mukuwerenga, mwina chimene munkadalira chinathyoka, ndipo anthu akuseka poyera zimene mwayamba. Mwina munayesa kale, zinasuluka pamaso pa mudzi wonse. Pepesani pamene mwalakwa, kafunseni kwa odziwa, mubwerere pamphika. Ndipo ngati pali munthu amene wakana kukusiyani pamvula, mugwireni dzanja. Mtima wokhawo musautaye, abale anga. Mawa dzukani, muyesenso.