Mano a Papa m'Chitini cha Amalume

Mwana wanga wadwala katsabola, ndipo ndikamuona akudzikanda ndimakumbukira chitini cha amalume.

Nthenda yomweyi itandigwira kwathu ku Linga, amayi ananditsekera m'kachipinda konunkha utsi. Kuwala kunkalowera pamng'alu wa chitseko basi. Anzanga ndinkangowamva akuphokosera kunyanja.

Amalume Selemani, amene anali atangobwera kunkhondo ya azungu, anatsegula pang'ono n'kundipatsa chitini. Munali mano akuda, ozizira, olemera.

"Ndi a papa, chinsomba cha m'nyanja ya mchere," anatero. "Anakhalitsa m'nthaka mpaka anasanduka miyala. Papa ali mitundumitundu, mphwanga. Amanomano ngati sowo uwaike paokha, osongoka ngati msomali paokha, opindika paokha. Ukatha, utuluka."

Ndinakhulupirira. Koma dzino limodzi linali lobenthuka, losalowa pamulu uliwonse. Ndinkalitembenuza tsiku lonse ndikulira, poganiza kuti ndidzakalambira momwemo.

"Amalume, ili ndi la papa uti?"

"Liyang'anitsitse, maso si alipo?" ankayankha kuseri kwa chitseko, akuseka.

Zilonda zitauma ananditulutsa, dzinolo lisanapeze kwawo. Lero pathupi panga palibe chipsera ngakhale chimodzi. Amalume ankangofuna kuti zala zanga zisapeze mpata wokanda.