Essilfie ndi Kompyuta ya Mlamu Wake

Kobina Essilfie anathera unyamata wake m'kachipinda kotentha ka nyumba ya kanema ku Sekondi, akuyendetsa makina oonetsera mafilimu. Ntchito ina sankaidziwa, ndipo sankaifuna. Nyumbayo itagulidwa ndi mpingo wina, iye anangobwerera pakhomo, banja n'kumadalira geni ya mkazi wake Araba, ya kenke, nsima yosasa yokulunga m'makoko a chimanga, ndi nsomba zokazinga. Araba atamwalira, Essilfie anatsala m'nyumba ya akuchikazi ngati chitsa cha pakati pa munda, aliyense akupunthwa nacho.

Wopunthwa kwambiri anali mlamu wake, Fiifi Arhin, mchimwene wa malemuyo, mlembi wa kutchalitchi amene ankavala tayi ngakhale powenga zikhadabo.

Pabalaza panali kompyuta yakale ya Arhin, yolumikizidwa ku wailesi yakanema, ndipo Essilfie anaidzaza ndi mafilimu ake. Koma pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo inali yolemera kwa makina okalamba chotero. Magetsi akabwera, munthu ankatha kusamba, kudzola, n'kuipeza ikudzikokabe. Filimu ikafika pokoma, chithunzi chinkangouma, wosewera atayasama kukamwa, mkati mwa makina mukulira ngati chigayo.

Essilfie anakadandaula ku Takoradi kwa mayi wina wokonza makompyuta, dzina lake Ekuba. Mayiyo anamuonetsa mapulogalamu opepuka angapo. Ina inkatha kulemba makalata ndi kuonetsa mafilimu, koma inkafuna kiyibodi. Ina inalibe chilichonse kupatula mafilimu: kungoyatsa, onse ali poyera, rimoti basi.

"Imeneyo," anatero Essilfie.

"Bambo, tengani yolemba makalata ija, m'nyumba simuli nokha. Komanso muyambe mwasunga zonse kwina. Ikamalowa imasesa zonse za m'kompyutamo."

Iye anatenga ya mafilimu yomweyo. Mumtima ankadziwa bwino kuti waisankhiranji: mlamu wake asadzalemberenso makalata pakompyutayo.

Atamuuza Arhin, mlamuyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, mwagulapo chiyani m'nyumba muno kuti muzisankha? Ngakhale supuni?"

"Makinawa akufa ndi katundu, alamu. Mwawasenzetsa ngati bulu."

"Katundu wolemera muno ndi inuyo. Mlongo wanga anakusenzani mpaka kumanda. Mukaigwira kompyuta imeneyo, mudzandidziwa."

Lamlungu, onse atapita kutchalitchi, Essilfie anaigwira. Anasamutsira mafilimu ake m'chosungira china, makalata a mpingo a mlamu wakenso anawasamutsa, akutukwana chapansipansi. M'kompyutamo munali malo ena amene Arhin anangowatcha "zotsala". Essilfie sanatsegule n'komwe, ndipo sanazisamutse. Zotsala za munthu wa tayi zingakhale chiyani?

Pulogalamu yatsopano inalowa bwinobwino. Kompyuta inadzuka ngati kamwana, phokoso lonse zii. Anthu pobwera anamupeza atatambalala pampando, filimu ikuyenda myaa.

Arhin sanavule n'komwe nsapato.

"Makalata anga ali kuti?"

"Ndakusungirani. Mukalembere ku ofesi ya abusa, ino tsopano ndi ya kanema."

"Nanga kanema wa chinkhoswe cha mwana wanga?"

"Chinkhoswe chiti?"

"Chinali m'zotsala, mbuzi iwe! Mmene Araba akuvina, akuimba! Wojambulayo anasamuka kalekale, kwina kulikonse kulibe!"

Essilfie anaimitsa filimu ija. Sankadziwa kuti mawu a mkazi wake anali m'makinamo nthawi yonseyi, pansi pa mafilimu a anthu achilendo. Akanatha kugwada pomwepo, koma mkwiyo unafika msanga kuposa manyazi.

"Ndiye munandibisira? Mkazi wanga, inu n'kumamuonera nokha ngati mfiti?"

"Mkazi wako? Unamudyera thukuta ali moyo, lero wamuphanso kachiwiri!"

Anagwirana makolala, madoda a imvi, mpaka akazi a m'nyumbamo anawalekanitsa ndi mithiko. Arhin anazula mawaya, n'kuponya kompyutayo pabwalo.

"Tenga chimkazi chako chatsopanochi, uzipita!"

Mawa lake Essilfie anainyamula kupita nayo kwa Ekuba. Mayiyo anayesa njira zonse, koma anangotolamo tizidutswa: miyendo ya anthu ovina, denga la tenti, popanda mawu. Nkhope ya Araba sinapezeke.

Akuluakulu a banja anayesa kuwakhazika pansi. Arhin anati akhululuka Essilfie akapepesa pamaso pa onse. Essilfie anati apepesa Arhin akafotokoza chimene anabisira kanemayo. Nkhani inathera pomwepo.

Lero Essilfie amakhala kwa mwana wake wamkazi ku Kojokrom. Kompyuta ija, ngakhale inaphwanyika pakona, imagwirabe ntchito, ndipo Loweruka masana anthu oyandikana nawo amadzaza pakhonde kudzaonera mafilimu. Iye amakhala kumbuyo ndi rimoti, ndipo wolankhula filimu ili mkati amamuthamangitsa. Ndi Arhin amakumana pamaliro pokha. Pogwirana chanza pamzere, aliyense akafika pa mnzake amayang'ana kumbali n'kupatsa moni wotsatira.