Chilomwe cha Bambo M'foni

Bambo anga anathera mphamvu zawo zonse m'minda ya tiyi, poyamba akuthyola, kenako ali kapitawo. Chilomwe ankachilankhula ndi anzawo awiri amene anakula nawo, ndipo awiriwo atamwalira anatsala akuchilankhula ndi mbuzi zawo. Amayi amachimva, koma kuyankha amayankha m'Chichewa. Ife ana sitinatoleko ngakhale moni.

Ine ndimakhala ku Blantyre, ntchito yanga ndi yopanga masamba a pa intaneti, makamaka mbali imene munthu amaiona n'kumadina. Kalembedwe kamene ndimatsata timakatcha fankishonolo. Mfundo yake ndi yakuti kachidutswa kalikonse ka pulogalamu kazilandira chinthu n'kubweza chinthu, osakhudza za kunja, osafufuta zakale. Ndinkakakonda mpaka kunyanya, ndipo ndinali ndi katsamba kanga kolembapo malangizo kwa anzanga a ntchitoyi. Matama ndinali nawo, sindikana.

Tsiku lina ndili kumudzi kwathu, kufupi ndi Muloza, bambo anayang'ana kuphiri n'kunena kuti, “Epula ikubwera, anulani ufawo.”

“Chikubwera n'chiyani, bambo?” ndinafunsa.

“Mwana wa Mlomwe osadziwa mvula? Sukulu yonse ija unkaphunzira chiyani?”

Anaseka, nane ndinaseka, koma zinandilasa. Ndinawauza kuti ndiwapangira chinthu m'foni choti azilankhuliramo Chilomwe chawo chonse, ine ndidzachisunge.

Ndinachipanga m'sabata imodzi. Maso a bambo anali atayamba ng'ala, choncho ndinangoika batani limodzi lalikulu lobiriwira. Akadina alankhule, akadinanso foni ilembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti ZALOWA. Mndandanda wa zimene ajambula kale sindinauonetse, poopa kuti tizilembo ting'onoting'ono tiziwasokoneza. Netiweki kwathu imafuna kukwera pachulu, ndiye ndinakonza zoti mawu onse azisungika m'foni momwemo.

Mtima wa pulogalamuyo unali mzere umodzi:

const onjeza = (akale, atsopano) => [...akale, atsopano];

Tanthauzo lake ndi lakuti tenga mawu akale onse, uike atsopano kumapeto, ubweze mndandanda wina osawononga woyambawo. Mzere umenewu ndinauyesa m'njira zonse, sunalakwepo. Ndinaulemba ngakhale pakatsamba kanga, pansi pa mutu wakuti “Musafufute zakale.” Anthu anayamikira.

Koma pulogalamu siikhala yoyera yonse. Pali mbali ina imene imayenera kukatenga zosungidwa m'foni nthawi iliyonse tsamba likatsegulidwa. Anthu a kalembedwe kathu timaiona ngati ntchito yauve, timaikankhira kumapeto. Ine ndinangolemba kaye kuti:

const poyambira = [];

Ndiye kuti, yamba ndi mndandanda wopanda kanthu. Ndinadziuza kuti ndibwererako mawa lake. Poyesa, ndinajambula mawu asanu motsatizana, ndinasuzumira mosungira muja, ndinawapeza onse asanu, mtima n'kukhala m'malo. Kutseka tsambalo, kulitsegulanso, n'kujambula ena, sindinachite.

Bambo anaitenga ngati ntchito ya ku esiteti. Amayi akuti m'mawa uliwonse ankayamba ameta ndevu, n'kuvala malaya a kolala, ngati kuti foniyo iwaona. Akatero ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhuku akuzithamangitsa kuti zisasokose. Ndikaimba Lamlungu ankandipatsa lipoti.

“Sabata ino ndakupatsa mayina a mitengo ndi a nsomba za mu Ruo.”

“Pitirizani, bambo, ndidzatenga ndikabwera.”

Sabata ina anandipatsa mawu a pamaliro, ina a paukwati. Kenako anasiya mawu amodziamodzi, anayamba nkhani. Anasimba mmene agogo awo anayendera wapansi kuchokera ku Mozambique, atasenza mphika ndi mwana, ndiponso malo amene anagona m'njira. Nkhani imeneyo ine sindinaimvepo m'moyo wanga, ndipo pafoni anakana kundiuza. Anati ili m'fonimo, ndikaimvere bwinobwino m'Chilomwe chake.

Miyezi isanu ndi iwiri anachita zimenezi. M'miyezi imeneyo ndinapita kumudzi kawiri. Ulendo wachiwiri, ndikutsanzika, anatuluka ndi foni ija m'manja.

“Taona ngati zikulowadi, mwanangu. Ine ndimangoona zilembo zakozi.”

Wakabaza anali akundidikira pamsewu, ndipo ndinkaopa kuti minibasi indisiya.

“Zikulowa, bambo. Ndinaziyesa ndekha.”

Sindinaigwire n'komwe. Mphindi ziwiri zikanakwana. Mawu amene anali atatayika akanatha kuwabwereza, chifukwa mwini wake anali ataima pomwepo, wamoyo, akundilozetsa foni.

Anadwala nthawi ya chiperoni. Chinayamba ngati chifuwa wamba, ndipo pasanathe sabata ziwiri tinawaika m'manda.

Anthu atabalalika, amayi anandiitanira kuchipinda n'kundipatsa foni ija, ataikulunga mu duku. Masana ake ndinakhala pakhonde, ndinailumikiza ku laputopu, ndinatsegula mosungira muja. Munali chojambulidwa chimodzi.

Ndinayamba ndaiimba mlandu foni. Ndinaizimitsa, kuiyatsa, kufufuza paliponse. Kenako ndinatsegula pulogalamu yanga, ndipo maso anga anagwera pa mzere uja wa poyambira. Palibe anachita kundifotokozera. M'mawa uliwonse bambo akatsegula tsambalo, pulogalamu inkayamba ndi mndandanda wopanda kanthu, n'kuonjezapo mawu a tsikulo, n'kuwalemba pamwamba pa adzulo. Ikatero inkawauza kuti ZALOWA. Mzere umene ndinkanyadira uja unkagwira ntchito yake mosalakwitsa, kuonjeza mawu a bambo pa chinthu chopanda kanthu.

Ndadzitukwanapo m'moyo, koma osati ngati tsiku limenelo. Pambuyo pake foniyo ndinapita nayo kwa okonza mafoni pamsika wa Chonde, ndinapita nayonso kwa anzanga odziwa kubweza zofufutika. Onse anapukusa mitu. Malangizo aja pakatsamba kanga ndinawachotsa, ndipo sindinalembeponso china.

Koma tsiku lija pakhonde ndinatsegula chimodzi chotsalacho. Munayamba kumveka tambala, kenako chifuwa, kenako mpando ukukhwekhwerezedwa. Analankhula m'Chichewa, kuti ndimve.

“Mwanangu, lero ndilibe mawu atsopano. Ndafufuza m'mutu monse, ndapeza kuti ndakupatsa onse. Ena ndinabwereza kawiri, usadandaule, ndi ukalamba. Usawasunge wekha, ukawapatseko abale ako. Ine mbali yanga ndatha.”

Panapita kanthawi akupuma movutikira. Kenako anaitana amayi kuti adzawathandize kupeza batani, ndipo zinathera pomwepo.

Ndinalira ngati mwana. Pamaliro ndinalira chifukwa bambo apita, koma apa ndinkalira chifukwa anapita ali okhutira kuti ntchito yawo ili m'manja abwino. Anandikhulupirira, ndipo ine ndinawanamiza m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu ndi iwiri ndi zilembo zikuluzikulu zimene ndinasankha ndekha kuti aziziona bwino.

Amayi anamva mawu a amuna awo ali kuseri kwa nyumba. Anabwera manja ali ndi thovu la sopo, n'kuima pambali panga. Anaganiza kuti ndikulira chifukwa cha mawuwo basi, ndipo anandisisita paphewa.

“Alimo ambiri eti?” anafunsa.

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

“Ukapeza nthawi undifunire ya nyimbo. Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinawapeza akuimba nyimbo imene anandiimbira pondifunsira. Atandiona anachita manyazi n'kusiya, ndiye ndinangomva kumapeto kokha. Anati yonse ili m'foni.”

Ndinati ndiifuna. Padutsa zaka ziwiri tsopano, ndipo ndikafika kumudzi amayi amayamba andipatsa madzi, n'kundifunsa za ulendo, kenako amafunsa ngati ndaipeza. Ndimawayankha kuti mawuwo ndi ambiri, ndikufufuzabe.