Chaka Chimene Bambo Ankalamulira Mwezi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anatchuka mu Old Town monse. Ndinali ndi zaka khumi. Ankagulitsa nsapato za kaunjika mumsika wa Tsoka, koma Loweruka lililonse ankakwera minibasi kupita ku City Centre kukajambulitsa mawu m'sewero la pawailesi. Ankasewera ngati Kazembe Dzimbiri, wolamulira mzinda wa pamwezi, amene ankatsekera mpweya aliyense womuderera.

Mawu awo anali aakulu, ochokera pansi pa chifuwa. Kumsika anthu ankawagulira tiyi kuti awalankhulireko pang'ono ngati Dzimbiri, ndipo bambo anakhulupirira kuti akukondedwa. Posakhalitsa mawu aja analowa nawo m'nyumba. Amayi akachedwa ndi madzi osamba, bambo ankawagwira pakhosi n'kunena mosathamanga, "Mpweya ukupumawu ndi wanga." Ine ndinkabisala kuseri kwa chitseko.

Tsiku loulutsa gawo lomaliza la sewerolo, bambo anaweruka msanga n'kuchotsa mabatire m'wailesi. Anati atha. Amayi anatuluka, n'kubwerako ndi wailesi yaikulu ya oyandikana nawo nyumba, eni ake akuwatsatira pamodzi ndi ana awo. Anaiika pakhonde n'kuikweza.

Tinamva asilikali a Dzimbiri akumuthawa mmodzimmodzi. Tinamva makina ake akumuululira kuti kuwomba m'manja konse kumene ankamva akamalankhula kunali kojambulidwa, m'bwalomo simunkakhala munthu. Kenaka chitseko chachitsulo chinatsekeka, ndipo bambo anga, m'wailesimo, anayamba kulira ngati kamwana, kupempha mpweya.

Pakhonde anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amayi okha sanaseke. Anayang'ana bambo, amene anali ataima pakhomo mutu uli pansi, n'kuwafunsa, "Kani mumatha kulira chonchi, bambo?"

Kutacha, msika wonse unali utaphunzira kulira kuja. Anyamata onyamula katundu ankawalondola m'tinjira akupuma mwawefuwefu, manja ali pakhosi. Ogula ankati, "Tilirireniko kaye, Kazembe, kenaka tigule." Bambo sanagwirenso amayi, koma sanachezenso nafe. Mvula isanagwe anasiya benchi lawo n'kubwerera kumudzi kwawo okha.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati anthu aja anatilanditsa. Lero ndimadziwa kuti khoma lathu linali lopyapyala, ndipo ankamva zonse. Amayi akamakuwa, panalibe amene ankagogoda pachitseko chathu. Anabwera tsiku limene panapezeka munthu woti amuseke.